Zaka zisanu ndi zinayi zopanda wofunsa

Mu Malichi 2005 makhansala onse a m'dziko muno analongedza mapepala awo n'kubwerera kwawo. Nthawi yawo inali itatha, ndipo aliyense ankayembekezera kuti pakapita miyezi ingapo tisankha ena. Chisankho chakecho chinadzachitika pa 20 Meyi 2014. Werengani nokha: zaka zisanu ndi zinayi. Mwana amene ankayamba Sitandade 1 pomwe makhansala ankachoka anali atafika kale kusekondale pomwe ankabwerera.

Ambiri a ife amene sitinakwane zaka 30 tinakulira m'nyengo imeneyo. N'chifukwa chake tikamva mawu oti "khansala" timangoona bambo wa njinga yamoto amene amapatsidwa mpata woyankhula pamaliro amfumu asanayankhule. Koma m'malamulo ntchito yake yaikulu ili m'chipinda chochitira misonkhano kukhonsolo. Kumeneko ndiye munthu amene ali ndi ufulu woimitsa bajeti n'kunena kuti, "Tadikirani kaye. Ndalama za mlatho uja zinapita kuti?"

Nkhani yalero ndi mbiri ya funso limenelo: mmene linabadwira, mmene analitsekera pakamwa, ndi chifukwa chake mpaka pano limatuluka monong'ona.

Khansala amafunsa bwanji?

Tiyambe ndi mmene zinthu zimayenera kuyendera. Khonsolo ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya ogwira ntchito olembedwa: bwanamkubwa, amene timangoti a DC, kapena mkulu wa khonsolo ya mzinda, limodzi ndi mkulu wa zachuma, wa zomangamanga, wa zaumoyo, wa zamaphunziro ndi ena. Amenewa ndiwo amagwira cholembera ndi makiyi. Mbali yachiwiri ndi ya osankhidwa ndi anthu, ndiwo makhansala, mmodzi pa wodi iliyonse.

Ogwira ntchito amakonza bajeti, koma singagwire ntchito isanadutse kukomiti ya zachuma kenako kumsonkhano wa khonsolo yonse. Chaka chikamayenda, malipoti a mmene ndalama zalowera ndi kutulukira amayenera kubwereranso kumakomiti omwewo. Pali komiti ya zachitukuko, ya zamaphunziro, ya zomangamanga, ya zaumoyo ndi zachilengedwe. Khansala wa m'komiti ya zomangamanga akaona papepala kuti kontilakitala walandira ndalama zonse za midadada iwiri ya sukulu, ali ndi ufulu wopita pamalopo kukaona ngati denga lilipo.

Ndalama zake si zongochokera kulikulu zokha. Tikiti imene mayi wogulitsa tomato amadula mumsika tsiku ndi tsiku, msonkho wa nyumba ndi malo m'mizinda, ziphaso za mabizinesi, ndalama za kudepoti ya mabasi, zonsezo zimalowa kukhonsolo. Choncho chimbudzi cha mumsika chikadzaza kwa miyezi itatu, pali munthu amene anasankhidwa kuti akafunse kumene matikiti aja akuthera.

Kuti funso lake limveke, khansala amafunika zinthu zitatu. Choyamba akhalepo. Chachiwiri voti yake ikhale yolemera. Chachitatu wofunsidwayo akhale ndi chifukwa choopera kusayankha. Mbiri yathu ikuonetsa kuti zitatu zonsezi zinachotsedwapo, chimodzichimodzi, ndi maboma osiyanasiyana.

Kuchokera kwa atsamunda kufika pa ngodya zinayi

Atsamunda sanabweretse makhonsolo kuti anthu azifunsa za ndalama. Lamulo la 1933 linapatsa mafumu ena mphamvu zoyendetsa madera awo m'malo mwa boma, koma mafumuwo ankayankha kwa DC wachizungu. Mu 1953 kunabwera lamulo lokhazikitsa makhonsolo a m'maboma, ndipo poyamba DC yemweyo ndiye ankatsogolera zokambirana. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ufulu uli pafupi, mipando ya m'makhonsolo inayamba kudzaza ndi anthu ochita kusankhidwa. Kwa kanthawi kochepa zinaoneka ngati anthu a kumudzi apeza pakamwa.

Kanthawiko sikanakhalitse. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi. M'zaka zomwezo boma linakhazikitsa makomiti a zachitukuko m'maboma, otsogozedwa ndi DC, ndipo nkhani za chitukuko zinasamukira kumeneko. Makhansala analipo ndithu, koma wofuna mpandowo ankayenera kudutsa m'manja mwa chipani cha MCP. Agogo athu amakumbukira bwino ngodya zinayi za nthawiyo: umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Kufunsa za ndalama kunalibe ngodya yake. Wofunsitsa ankatha kutchedwa chigawenga, ndipo aliyense ankadziwa kumene zigawenga zimathera.

Choncho pomwe tinkavota pa riferendamu ya 14 Juni 1993, tinali dziko loti kwa zaka pafupifupi 30 lakhala ndi makhonsolo ophunzitsidwa kuombera m'manja.

Mphamvu ku anthu

Malamulo aakulu a dziko a 1994 anapatsa maboma aang'ono mutu wawowawo. Analamula kuti pakhale makhonsolo osankhidwa ndi anthu, ndiponso komiti ya dziko lonse yoyang'anira chuma cha makhonsolo, imene lero timaidziwa ndi zilembo zoti NLGFC. Papepala zinali zokoma. Koma mu 1995 boma la a Bakili Muluzi linathetsa makhonsolo otsala a nthawi ya chipani chimodzi, ndipo olowa m'malo mwawo sanasankhidwe kwa zaka zisanu.

Mu 1998 kunabwera zinthu ziwiri zofunika: ndondomeko yopititsa mphamvu ku anthu, ndi lamulo latsopano la maboma aang'ono. Mawu oti "mphamvu ku anthu" anatchuka m'mawailesi nthawi imeneyo. Ndondomekoyo inkati boma lizipereka kumakhonsolo 5 peresenti ya ndalama zomwe limatolera. Lamulolo linakonza chipinda cha khonsolo mwanzeru ndithu. Mafumu akuluakulu azikhalamo, aphungu a Nyumba ya Malamulo azikhalamo, anthu asanu oimira magulu apadera azikhalamo, onsewa aziyankhula, koma ovota akhale makhansala okha. Maganizo ake anali omveka: amene anthu a m'wodi anamutuma ndiye akhale ndi mawu omaliza pa ndalama za dera lawo.

Chisankho choyamba cha makhansala mu ulamuliro wa zipani zambiri chinachitika pa 21 Novembala 2000. Mawodi anali pafupifupi 860. Amene anapita kukavota anali pafupifupi 14 peresenti yokha ya olembetsa, ndipo chipani cholamula cha UDF chinatenga mipando yambiri. Nambala ya 14 ija ndi yofunika kuikumbukira. Mpando umene eni ake sanadzuke kukauvotera, wofuna kuulanda savutika.

Makhansala a 2000 sanali angelo. Ambiri anali asanaonepo bajeti chibadwire, mapepala ankabwera m'Chingerezi cha maofesi, ndipo kukangana ndi aphungu pa nkhani ya mwini chitukuko kunayamba nthawi yomweyo. Komabe anali atayamba kuphunzira. Kuwerenga lipoti la zachuma kuli ngati kupalasa njinga: umaphunzira uli pachishalo, ukugwa n'kudzuka. Akanapitiriza, pofika lero tikanakhala ndi anthu m'boma lililonse amene akhala akufunsa mafunso omwewa kwa zaka 25.

Ndalama zinafika alonda atachoka

Mu Febuluwale 2005 a Bingu wa Mutharika anatuluka m'chipani cha UDF n'kuyambitsa DPP. Mwezi wotsatira nthawi ya makhansala inatha. Boma linkapereka zifukwa zosiyanasiyana zosachititsira chisankho, makamaka kusowa kwa ndalama m'chaka chimene dziko linali pa njala. Akadaulo ambiri a ndale amaona chifukwa china: chipani chatsopanocho chinalibe mizu kumidzi, ndipo chisankho cha m'mawodi chikanaonetsa poyera kuchepa kwake.

Apa ndi pamene mbiriyi imapweteka. M'chaka cha zachuma cha 2005/06, boma linayamba kutumiza mwachindunji kumakhonsolo ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku m'magawo monga zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi. Ma DC anapatsidwa udindo wokhala osainira ndi oyankhapo pa ndalamazo. Ndiye kuti chuma chimene makhansala ankachilirira kwa zaka zinayi chinafika pakhomo iwo atangotuluka kumene. Nkhokwe inadzaza mlonda atachotsedwa ntchito.

M'malo mwa khonsolo yosankhidwa, m'maboma munakhazikitsidwa mabwalo ongokambirana, momwe munkakhala aphungu, mafumu ndi oimira magulu ena. Mabwalowa sanachokere m'chisankho cha m'mawodi, ndipo mphamvu zawo pa bajeti zinali zokayikitsa ngakhale pamaso pa malamulo. Mfumu ili ndi ulemu wake, koma imalandira mswahala kuchokera kuboma, ndipo nkhani za kukwezedwa kwake zimadutsa pa desiki ya DC. Munthu wotero n'kovuta kuti aimirire pagulu n'kuuza bwanamkubwa kuti, "Bwana, malisiti awa sakugwirizana."

M'mizinda namonso zinali chimodzimodzi. Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba anakhala opanda meya wosankhidwa zaka zonsezo. Mu Epulo 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu pa ntchito imene inatchedwa Operation Dongosolo. Kaya munthu ankagwirizana nayo kaya ayi, mfundo ndi yakuti nkhani yokhudza mphika wa mabanja masauzande inagamulidwa popanda khansala ndi mmodzi yemwe wofunsa ngati misika yomwe anthuwo akuwatumizako ili ndi malo okwanira, madzi ndi zimbudzi.

Mu 2006 momwemo kunabadwa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija timati CDF. Linabwera pa nthawi imene boma linalibe aphungu okwanira m'Nyumba ya Malamulo ndipo bajeti inkadutsa movutikira. Ndalama zake zimadzera kuakaunti ya khonsolo, wosainira ndi DC, koma m'kachitidwe kake wosankha zitukuko anakhala phungu. Poti makhansala kunalibe, phungu anazolowera kukhala mwini mjigo, mwini mlatho, mwini malata a sukulu. Anthu nawonso anazolowera. Mpaka lero mjigo ukafa, foni yoyamba imapita kwa a onolebo.

Chipinda anachikonzanso eni ake kulibe

Mu 2009 a Mutharika anapambana ndi mavoti ochuluka ndipo DPP inadzaza Nyumba ya Malamulo. Chifukwa chakale choopera chisankho chinatha. Koma chisankho chisanaitanidwe, mu 2010 aphungu anasintha lamulo la maboma aang'ono. Zosinthazo ndi zofunika kuzidziwa chimodzichimodzi.

Aphungu anadzipatsa ufulu wovota m'makhonsolo. Mawodi anachepetsedwa kwambiri, moti m'maboma ambiri dera la phungu mmodzi linangokhala ndi mawodi awiri. Mphamvu yosankha DC kapena mkulu wa khonsolo inapita kwa nduna ya maboma aang'ono. Ndipo wapampando wa khonsolo ya boma anayamba kusankhidwa chaka ndi chaka.

Taganizirani zotsatira zake. Pa makhansala awiri alionse panali phungu mmodzi wovota nawo, amene anali ndi galimoto, malipiro aakulu, dzina m'chipani, komanso thumba la CDF. Nthawi zambiri khansalayo ndi wa chipani chomwecho, ndipo pa kampeni anakwera nawo lole ya phunguyo. Kodi angafunse za matumba a simenti a bwana wake? Komanso DC amene akufunsidwayo sanalembedwe ndi khonsolo ndipo khonsolo singamuchotse. Amayang'ana ku Capital Hill, kumene kalata yomusamutsa imachokera. Wapampando naye akamati wayamba kuzindikira mmene mabuku amayendera, chaka chatha, mpando ukulimbiranidwanso.

Chisankho chinakonzedwa kuti chichitike mu Epulo 2011. Koma mu Disembala 2010 Pulezidenti anatseka bungwe loyendetsa zisankho pa nkhani ya K1.4 biliyoni imene ankati sikuoneka mmene inayendera, ndipo chisankhocho chinalephereka. Pali nthabwala yowawa pamenepa: chisankho cha anthu oti azilondoloza ndalama chinaimitsidwa m'dzina la kulondoloza ndalama. Pa zionetsero za 20 Julayi 2011, kuchititsa chisankho cha makhansala kunali m'gulu la zimene anthu ankafuna. A Mutharika anamwalira mu Epulo 2012 chisankhocho chisanachitike. Mu ulamuliro wa a Joyce Banda malamulo anasinthidwa kuti pulezidenti, aphungu ndi makhansala azisankhidwa tsiku limodzi, ndipo n'zimene zinachitika mu 2014.

Tikaphatikiza, pa zaka 20 zoyambirira za demokalase yathu, kuyambira 1994 mpaka 2014, makhansala osankhidwa pa zipani zambiri anakhala pampando zaka zosakwana zisanu.

Anabwerera, koma anapeza zotani?

Mu 2014 tinasankha makhansala 462 m'makhonsolo 35: a m'maboma 28, a m'mizinda anayi, a Kasungu ndi Luchenza, ndi wa tawuni ya Mangochi. Nambalayi inali pafupifupi theka la ya 2000. Wodi inakula, khansala anachepa mphamvu.

Anapeza maofesi amene kwa zaka zisanu ndi zinayi anazolowera kugwira ntchito popanda wowafunsa. Anapeza makhonsolo ambiri ali m'mbuyo ndi mabuku a zachuma oti akawunikidwe ndi mkulu wofufuza za chuma cha boma. Anapeza aphungu atakhazikika pampando wa chitukuko. Ndipo dziko lonse linali likadali ndi chizungulire cha Cashgate, imene inaphulika mu Seputembala 2013 ku Capital Hill. Maso onse anali kulikulu. Za kuma DC ankazikumbukira ndi ochepa.

Mwa njira zoziziritsira funso, zina n'zosachita kulembedwa m'lamulo. Msonkhano wa komiti ya zachuma umafuna ndalama za mayendedwe ndi alawansi, ndipo wotulutsa ndalamazo ndi ofesi yomweyo imene ikukafunsidwa. Ofesi ikati mwezi uno ndalama palibe, msonkhano palibenso. Mapepala a masamba makumimakumi akaperekedwa m'mawa wa tsiku la msonkhano, khansala angowatsegula n'kuvomereza. Ndiponso tisabise, alipo makhansala ena amene funso lawo limatha akangolonjezedwa ulendo wa kunyanja kapena kontilakiti ya mlamu wawo. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, amatero ena podzikhululukira.

Komabe kubwerera kwawo kunasintha zinthu. Kuyambira 2014 takhala tikumva za makhansala okana kuvomereza bajeti, ofuna kuti akuluakulu ena a khonsolo achoke, okana kulandira nyumba zomangidwa mwachinyengo. Nthawi zina amachita mopyola muyeso, monga kutseka maofesi ndi maloko, chifukwa lamulo silinawasiyire njira ina yogwirira munthu amene sanamulembe ntchito. Phokoso limenelo n'losasangalatsa, koma kuli bwino phokoso kusiyana ndi bata la 2005 mpaka 2014.

Kenako nkhani ya CDF inakula. Thumba lomwe linayamba ndi ndalama zochepa linafika pa K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, n'kudzafika pa K200 miliyoni mu 2024. Bungwe la makhonsolo la MALGA linatengera nkhaniyi kukhoti. Mu Meyi 2025 khoti lalikulu, litakhala ngati khoti lomasulira malamulo aakulu a dziko, linagamula kuti n'kulakwira malamulowo kuti aphungu azivota m'makhonsolo ndiponso kuti aziyendetsa nawo CDF. Mfundo yake inali yosavuta kumva: phungu ntchito yake ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, ndiye sangakhale wogwiritsa ntchito ndalama komanso wodzilondoloza yekha. Zinatenga zaka 15 kuti cholakwika cha 2010 chitchulidwe dzina lake m'khoti.

Chimene mbiriyi ikutiuza

Chinthu chimodzi chimaonekera bwino tikayala zaka zonsezi pamphasa. Palibe chipani chimene chingadzitame kuti ndicho bwenzi la khansala. MCP ya chipani chimodzi inamusandutsa woombera m'manja. UDF inamuchedwetsa mpaka 2000. DPP inamuchotsa pafupifupi zaka zonse za a Bingu n'kumudula mapiko asanabwerere. Ndipo pa nkhani ya CDF aphungu a zipani zonse, amene amatukwanana pa china chilichonse, amayankhula chinenero chimodzi. Aliyense akakhala kotsutsa amakonda mphamvu ku anthu. Akalowa m'boma amaona kuti anthuwo ali ndi mafunso ambiri.

Ndiye amene angateteze mpando wa khansala ndi amene amapindula ndi funso lake, kutanthauza inu ndi ine. Mu 2005 mpandowo unachotsedwa popanda chipwirikiti chifukwa anthu ochepa okha ndi amene ankadziwa ntchito yake. Kuulandanso mawa kudzakhala kosavuta ngati tidzakhale tisakudziwabe.

Zida zilipo, ndipo zina sizinalipo nthawi ya makolo athu. Lamulo la maboma aang'ono limati misonkhano ya khonsolo ndi yotsegukira anthu ndi atolankhani. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuboma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, kutanthauza kuti mutha kulemba kalata yopempha bajeti ya khonsolo yanu kapena mndandanda wa zitukuko za CDF m'dera lanu. Kumudzi kuli makomiti a VDC ndi ADC, kumene zofuna za anthu zimayenera kuyambira zisanafike kukhonsolo. Ndipo pafupifupi aliyense wa ife ali ndi foni yojambula. Chikwangwani cha pa chitukuko chimalemba dzina la kontilakitala, mtengo wake ndi tsiku lomaliza ntchito. Chithunzi cha chikwangwanicho pambali pa maziko omera udzu ndi lipoti lokwanira kuyambitsa funso m'komiti ya zomangamanga.

Pa chisankho cha 2025 mawodi anakwera kufika pa 509. M'modzi mwa anthu amenewo ndi wanu. Ambiri a ife timadziwa mayina a osewera onse a timu ya ku England, koma dzina la khansala wa wodi yathu timachita kufunsa. Yambani pamenepo. Mukamupeza, musamupemphe ya sopo kapena bokosi la maliro, pakuti bajeti ya zimenezo alibe. Mufunseni kuti ali m'komiti iti, inakumana liti komaliza, ndipo lipoti la zachuma la miyezi itatu yapitayi analiona kapena ayi. Akayankha bwino, muthandizeni kuwerenga mapepalawo; ena mwa ife tili ndi madigiri a akawunti amene akungogona m'sutikesi. Akachita chibwibwi, mwadziwa chochita ndi voti yanu ulendo wotsatira.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Dziko lino linadya phulalo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mabuku a m'makhonsolo ambiri akadali ndi fungo lake.